Wadson Wokhoma Ndowa ndi Chimbudzi cha Apongozi

Wadson ndi mwana wa mlongo wanga. Anabadwira kwathu kwa Kawinga, m'banja la ife amene makolo athu anachokera ku Mozambique. Sukulu anailekera panjira monga ambiri a ife, koma manja ake anali anzeru kuyambira ali mwana. Atasinkhuka anapita ku Nkaya kukagwira ganyu yotsitsa katundu, ndipo kumeneko anadziphatika kwa mkulu wina wokhoma ndowa mpaka ntchitoyo anaidziwa. Lero mukapita kumadimba a ku Utale n'kupeza keni yothirira yosadontha pamsoko, kawirikawiri imakhala ya Wadson. Sindikumukometsera. Ndowa imene anandikhomera asanakwatire ndikutungirabe madzi, chogwirira chokha ndiye ndinasintha.

Ku Nkaya komweko anaonana ndi Scholastica, mtsikana wa ku Utale amene ankabwera kudzagulitsa tomato. Atagwirizana, ine ndinakhala nkhoswe ya mwamuna. Kuchikazi nkhoswe anali a Blasius, amalume ake a Scholastica. Ukwati unadalitsidwa kutchalitchi cha Akatolika, ndipo Wadson anakamanga nyumba kwao kwa mkazi monga mkamwini, pafupi ndi nyumba ya apongozi ake aakazi, amene anali amasiye.

Mkamwini kwathu kuno amalangizidwa za apongozi aakazi. Sawayang'ana kumaso. Akakumana nawo panjira amapatuka n'kunjuta. Sadya nawo pamodzi, savula malaya iwo akuona, ndipo chimbudzi chimene iwo amalowa iye salowamo. Achinyamata ambiri masiku ano amangomva khutu ili n'kutulutsira linalo. Wadson anasunga zonse, ndipo pamudzipo ankamutama nazo.

Anakhala bwino zaka zambiri. Anabereka mwana wamkazi, Tamandani, kenako anyamata awiri. Ntchito yake ankagwirira pansi pa mtengo wa mango pabwalo la nyumba yake, atakhala pa kampando kafupi, patsogolo pake pali chidutswa cha njanji yakale chokhomerapo. Ankakhoma ndowa, makeni, mbaula ndi timapoto. Nyundo yake inkamveka mudzi wonse kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku la msika ankamangirira katundu panjinga mpaka iye osaoneka, ulendo wa ku Nkaya. Mowa sankamwa, mkazi sankamenya, ana ake sankayenda ndi zigamba. Chilema chake chinali chimodzi: pakamwa polemera. Chinthu chikamuvuta ankangochimeza.

Mavuto anayamba ndi mvula ya namondwe ija inagwetsa nyumba zambiri chigawo chino. Nyumba ya Wadson inapulumuka, koma chimbudzi chake chinatitimira. Mbali imene anapatsidwa ndi ya mchenga. Mvula itatha anakumba china, chinagumuka asanachifolere n'komwe. Nthaka yolimba inalipo kuseri kwa nyumba yake, koma pamenepo panali kamunda ka nandolo ka apongozi, ndipo mkamwini sayamba yekha kupempha malo amene apongozi amalimapo. Anauza mkazi wake kuti adzaona chochita chilimwe. Chilimwe chinafika n'kupita.

Pamudzipo panatsala chimbudzi chimodzi cholimba, cha simenti, cha apongoziwo. Scholastica ndi ana ankapita kumeneko popanda vuto, ndipo mkaziyo ankangoganiza kuti mwamuna wake amapita kwa anansi. Njira yopita kuchimbudzicho inkadutsa kutsogolo kwa khonde la mayiwo. Iwo miyendo inali itayamba kuwavuta, kumunda analeka, ndipo ankakhala pakhondepo tsiku lonse, maso ali kubwalo. Kwa anansi Wadson ankachita manyazi kupempha, munthu wandevu, wa ana atatu. Anasankha thengo la kumtsinje, kuseri kwa madimba.

Nakonso kunali koopsa. Alangizi a zaumoyo anali ataletsa kuchita chimbudzi patchire chifukwa cha kolera, ndipo kumtsinjeko amayi sankatha, ena akuthirira, ena akuchapa. Choncho Wadson anayamba kudzigwira. Thupi likamuitana m'mawa ankalikaniza, n'kudikira masana pamene anthu achepa. Nthawi zina tsiku linkatha, la mawa lakenso, osapita. Akapita ankanjuta khutu lili kunjira, tsamba likangoti tswa iye wadzuka kale. Madzi akumwa anachepetsa dala kuti asamanyamukenyamuke pamaso pa apongozi. Munthu wokhala pansi tsiku lonse, kutentha kwa ku Balaka kuja, n'kumangomwa kakapu kamodzi pa chakudya.

Patapita miyezi thupi linatopa nazo. Akapita kuthengo pankatuluka timibulu touma ngati ta mbuzi, tomwenso atadzikakamiza mpaka misempha ya m'khosi kuoneka. Akadzuka ankamva kuti sanathe, ngati china chatsalira pakhomo penipeni. Akabwerera kumpando wake n'kukhoma pang'ono, chinkamuitananso. Kupitanso, osatuluka kanthu. Mimba inkakhala yotupa ngati wadya phwando pomwe wangolawa. Chakudya chinasiya kumukomera. Tsiku lina anaona timagazi tofiira, ndipo mantha anamugwira.

M'malo mopita kuchipatala anakagula botolo la mizu yonyika kwa munthu wina woyala mankhwala pamsika, amene anamuuza kuti limatsuka m'mimba. Linkatsukadi. Akamwa, m'mimba munkapota, n'kutsegula madzi okhaokha, iye kuthamangira kumtsinje kangapo. Mankhwala akatha mphamvu, kuuma kuja kunkabwerera moposa kale.

Zonsezi ndinazimva pambuyo pake. Chimene chinandipeza kwathu ndi foni ya a Blasius, kuti ndifike msanga ku Utale, banja la ana athu likutha. Ndinakwera minibasi, kenako kabaza, ndipo m'mawa mwake tinakhala pansi pa mango paja: ine, a Blasius, Wadson ndi Scholastica. Apongozi anali pakhonde pawo akusenda chinangwa, patali poti mawu okweza akhoza kuwafika.

Scholastica anagwada n'kuyamba.

"Amalume, sindinakuitanireni njala kapena ndewu, iyayi. Bambo a Tamandani sanandimenyepo. Koma munthuyu wasintha. Nyundo imalira, kenako zii. Ndikasuzumira ndimapeza kampando kokha. Amabwera thukuta lili kamukamu, nkhope ili gwa, akhoma pang'ono, anyamukanso. Ndikafunsa akuti ndimakaona malata. Amalume, malata amamera kumtsinje?"

A Blasius anatsokomola.

"Chakudya changa akungotola ngati nkhuku yodwala. Pogona amayang'ana kukhoma. Ndipo amayi a pamjigo awaona kangapo akutuluka m'tchire kuseri kwa dimba la Luckness, akumanga lamba."

Luckness ameneyu anali mayi wamasiye wa tsidya lina la mtsinje, wolima kabichi. Scholastica anali atamulalatira kale pamjigo anthu akuona.

Kenako anamasula nsonga ya chitenje n'kuika botolo pakati pathu.

"Ili ndinalipeza m'ndowa yosamaliza kukhoma. Ine si mwana, mizu ya amuna ndimaidziwa. Nanga mphamvu zakezo zikuthera kuti? Poti kunyumba kuno sindikuziona."

Ndinatembenukira kwa Wadson. "Wamva. Yankha."

Anayang'ana botolo lija, n'kuponya diso kukhonde kwa apongozi, n'kuweramitsa mutu.

"Ndamva zonse, amalume. Ndilibe mawu."

"Ulibe mawu bwanji? Pakamwa unasiya kwa Kawinga?"

"Ndilibe mawu, amalume."

A Blasius ndi munthu wofatsa, koma apa anakwiya. "Asewere, mwadzimvera nokha. Wolakwa amapepesa, wosalakwa amakana. Uyu sakupepesa, sakukana. Ife timusunge ngati ndani? Matenda ali kunjaku mukuwadziwa, mwana wathu sitimuika pamoto tikuona. Lamulungu likubwerali likadutsa asanalankhule, amange zitsulo zake panjinga, mupite naye."

Mkamwini akachotsedwa amachoka ndi zovala ndi zida zake basi. Nyumba imene anaumba njerwa zake yekha imatsala, munda umatsala, ana amatsala. Wadson ankadziwa zimenezi bwino lomwe. Scholastica anayamba kulira, ndipo ndinaona kuti mkaziyu sankafuna kuti mwamuna wake achoke. Ankafuna yankho.

Ndinadzuka. "Wadson, tiye ukandionetse thonje lako."

Tinanyamuka. Tisanafike kumundako anaima, dzanja lili pamimba.

"Amalume, tandidikirani pang'ono."

Analowa m'tchire. Sanachedwe. Anatuluka nkhope itagwa, akupukuta thukuta, akuyenda ngati munthu woponda minga. Tinayenda pang'ono, ndinamuona akuyang'ananso kutchire.

"Iwe," ndinatero, "mkazi wa kudimbayo unagona naye kapena ayi?"

"Iyayi, amalume. Ngakhale dzanja lake sindinaligwirepo."

"Nanga kumtsinje umakasaka chiyani?"

"Chomwe ndimakachita m'tchiremu."

"Ndiye wachita?"

"Sizikutheka, amalume. Ndikapita zimakhala ngati zatsala. Ndikabwerera kulibe kanthu. Mwezi ndi mwezi zili chonchi."

Apa ndiye anamasuka. Anandiuza za chimbudzi chogumuka, za khonde la apongozi, za madzi, za magazi, za botolo. Anati ankaganiza kuti mwina wina anamutchera, kapena ali ndi nthenda yosachizika, ndipo kunali bwino akafere kwao kusiyana n'kutchula zoterezi apongozi akumva.

Ndinamukalipira, sindibisa. "Ndiwe chitsiru cha ulemu. Ukufuna kusiya mkazi, ana ndi nyumba ya malata chifukwa cha dzenje? Ulemu kwa apongozi ndi wabwino, koma amene anakulangiza anakuuza kuti ufe nawo? Nkhoswe tinaikidwiranji? Pakamwa pako pakalephera umabwereka pathu."

"Nanga nkhani ngati iyi munthu n'kuyamba bwanji, amalume?"

"Mmene wayambiramu. Wafa?"

Anaseka pang'ono, koyamba chifikire ine.

Sindinafune kuti Scholastica amve kwa ine, chifukwa akanati malume akuikira kumbuyo mwana wa mlongo wake. Komanso nkhani ya magazi sinandisangalatse. M'mawa mwake ndinawauza onse awiri kuti avale, tikupita kuchipatala, botolo lija tinyamule. Scholastica ananyamuka mofulumira, akuganiza kuti tikukayezetsa magazi.

Tinapeza dokotala wachitsikana, msinkhu wosasiyana kwenikweni ndi Tamandani. Wadson atamuona anafuna kubwerera pakhomo, ine ndinamukankha. Tinalowa tonse atatu.

"Odwala ndi ati?" anafunsa dokotalayo.

"Awa," anatero Scholastica. "Koma chimene akudwala akuchidziwa okha ndi anzawo a kudimba."

"Bambo, chikukuvutani n'chiyani?"

Wadson anayang'ana pansi n'kunena zonse, mawu ali pang'onopang'ono. Scholastica anayamba kumvetsera atapinda manja, kenako manja aja anatsika, kenako anagwira pakamwa.

Dokotalayo sanaseke ngakhale pang'ono. Anafunsa mafunso ambiri. Mumapita masiku angati pa sabata? Zimatuluka zotani? Magaziwo ndi ofiira kapena akuda, amabwera pamwamba kapena osakanikirana? Mwaonda? Mumatentha thupi? Kwanu alipo anadwalapo chotupa cha m'matumbo? Atatha anatiuza ife awiri kuti tidikire panja, akufuna kuyeza mimba ndi kunjira yotulukira chimbudzi. Wadson anandiyang'ana ngati mbuzi yopita kokaphedwa.

Panja Scholastica anakhala pabenchi, misozi ili m'maso, koma akuseka.

"Amalume, zoona? Miyezi yonseyi ine osagona tulo, kumuda Luckness, kumeneko munthu akulimbana ndi mimba? Bwanji osandiuza ine mkazi wake? Ndinamuberekera ana atatu, chobisika pakati pathu n'chiyani?"

"Mumufunse yekha. Koma inunso, mayi, chimbudzi chinagwa kalekale. Simunadzifunsepo kuti mwamuna wanu amapita kuti?"

Anapukuta misozi n'kunena kuti, "Apo ndiye ndinagona."

Atatiitananso, dokotalayo anafotokoza. Anati sanapeze chotupa choopsa. Anapeza chimbudzi chouma chodzaza kumapeto kwa matumbo, ndi misempha yotupa ya panjira yotulukira, imene inkatulutsa timagazi tija chifukwa chodzikakamiza.

"Bambo, thupi likamakuitanani lili ngati mlendo wogogoda pakhomo. Mukapanda kumutsegulira lero, mawa, mkuja, amaleka kugogoda. Chimbudzi chikakhalitsa m'matumbo chimauma, makamaka ngati simukumwa madzi. Mukapita mothamanga chimatuluka chochepa, china n'kutsala. Ndiye misempha yotupayo nayo imanamiza, imakupangitsani kumva ngati mwatsala kanthu ngakhale mwatha. Inu mumabwerera kukakankha, iyo n'kutupirabe."

Ananunkhiza botolo lija n'kukwinya nkhope. "Ili ndiye mutaye. Limatsegula mwankhanza, madzi n'kudutsa m'mbali, chouma chija chili pomwepo. Mukalizolowera, matumbo amachita ulesi."

"Si za amuna zimenezo, adokotala?" anafunsa Scholastica.

"Mayi, amene angamwe izi kuti akasangalatse mkazi, mkaziyo adzamudikira mpaka kutopa."

Anamupatsa mankhwala amadzi otsekemera ofewetsa chimbudzi, oti amwe kwa kanthawi chabe, ndi ena opaka pa misempha ija. Koma anati mankhwala enieni ali kunyumba. Azimwa madzi ambiri tsiku lonse, ludzu lisanamupeze. Ufa woyera achepetse, azidya mgaiwa. Ndiwo zamasamba zisamasowe, nkhwani, bonongwe, chisoso, therere, komanso nyemba, nandolo, mapapaya ndi mango. Asamakhale pakampando tsiku lonse, azidzuka n'kuyendako. M'mawa akamwa phala azipita kukanjuta mosathamanga, mosakankha, ndipo zikakanika adzuke azipita, osakhalira pomwepo. Thupi likaitana, nyundo aiike pansi nthawi yomweyo.

"Koma mumvetse ichi," anatero. "Mukaona magazi akupitirira, kapena chimbudzi chakuda bii, kapena mukuonda, kapena mwezi watha osasintha, mubwere msanga, ndikutumizani kuchipatala chachikulu akakuunikeni. Zizindikiro zomwezi nthawi zina zimabisa matenda aakulu, makamaka munthu akamakula. Ndipo chimbudzi mukumbe. Kutchireko mukuika anzanu pangozi."

Pobwerera awiriwo ankayenda patsogolo, ine pambuyo. Ndinamva Scholastica akuti, "Inu bambo a Tamandani, mukanapita kwa Kawinga ndi mimba yanuyo, kumeneko mukanakauza ndani?" Wadson anayankha kuti, "Ndikanakauza mbuzi, poti tinayamba kufanana." Mkazi uja anamumenya paphewa ndi kachikwama.

Inatsala nkhani ya malo. Iyi inayenda m'njira yake. Ine ndinauza a Blasius, amene anaseka mpaka kutsamira mtengo, kenako anapepesa chifukwa cha mawu aja a Lamulungu. Iwo anapita kukakhala pakhonde la mlongo wawo n'kulankhula motsitsa. Wadson anali pakampando pake, atazolika mutu, akunamizira kuyeza lata.

Mayi aja anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anaitana mwana wawo mokweza, kuti mudzi wonse umve, pakuti mkamwini salankhula naye maso ndi maso.

"Scholastica! Uwauze bambo a kwanuwo kuti nandolo si mwana wanga. Azule! Ine ndasamala odwala, ndasambitsa maliro, ndalera ana ndi zidzukulu. Chimene amakachita kutchireko akuganiza kuti n'chachilendo kwa ine? Munthu wondimangira denga mvula itasasula, ndimutaye chifukwa cha mitengo ya nandolo? Ndipo uwauze kuti maso angawa saona patali. Amene amadutsa apa sindimuzindikira, kaya ndi mkamwini kaya ndi ng'ombe."

"Amva, amayi," anatero Scholastica.

"Amve bwino! Ulemu wotere ungatiphere anthu pamudzi."

Wadson ananjuta pomwe analipo n'kuomba m'manja, osayang'ana kukhondeko.

Dzenje tinakumba ine ndisanabwerere, a Blasius ndi anyamata a pamudzi akuthandiza. Nthaka ya pamenepo ndi katondo wouma gwa, piki imachita kudumpha. Wadson anayala njerwa m'mbali kuti lisagumuke, anaika chitseko cha lata chimene anakhoma yekha, khomo n'kuliyang'anitsa kumunda. Panja anapachika kachigubu ka madzi osamba m'manja. Mayi aja, popanda wowauza, anayamba kuyala mkeka wawo mbali ina ya nyumba m'mawa uliwonse, akuti kumeneko ndiye kukufika kadzuwa kabwino.

Kuchira sikunabwere tsiku limodzi, ndinganame. Masabata oyamba ankamvabe ngati watsala kanthu, ndipo mtima unkamuuza kuti abwerere. Scholastica ndiye anakhala msilikali. Akamuona akunyamuka kachiwiri ankati, "Adokotala anati chiyani? Khalani pansi, imwani madzi." Anamuikira chigubu pafupi ndi njanji ija, madzulo ankachigwedeza kuti amve ngati chatha. Mgaiwa Wadson ankaudandaula, akuti ukukanda kukhosi, koma ankadya. Magazi analeka. Mimba inaphwa. Atabwerera kuchipatala monga anauzidwira, dokotala uja anamusiyitsa mankhwala otsekemera aja. Mpaka lero akati wayenda ulendo wautali, kapena watanganidwa ndi ntchito n'kuiwala madzi, kuuma kumabwerako masiku angapo. Kusiyana kwake n'koti tsopano amadziwa chochita, ndipo amanena.

Panali munthu mmodzi wolakwiridwa popanda chifukwa, Luckness. Ndinauza Scholastica kuti amene unamunyoza pagulu umamupepesanso pagulu. Anapita pamjigo pomwepo, amayi atadzaza, n'kugwada. Wadson anakhoma keni yatsopano yothirira, mkazi wake n'kukapereka. Luckness anailandira, anaiyang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti, "Ndakhululuka. Koma mukanandifunsa ndikanakuuzani kalekale. Ine ndinkangoona bambo akulowa m'tchire ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi, ndinkachita kutembenuka dala kuti ndisawachititse manyazi."

Wadson akadali ku Utale, m'nyumba yake, ndi mkazi wake. Tsitsi layamba kuyera, thupi linabwerera, maoda a makeni amachuluka nyengo ya madimba mpaka kukana ena. Apongozi ake ali moyo, ndipo mpaka lero sawayang'ana kumaso.

Chaka chino anandiitananso, koma pa nkhani yabwino. Tamandani wapeza mnyamata wa ku Nkaya, wokonza njinga zamoto, ndipo akwawo anabwera kudzaonekera. Zokambirana zitatha, a Blasius anatenga mnyamatayo kukamulozera malo omanga nyumba, ife tikutsatira. Mnyamatayo anayamba kuyeza ndi mapazi pomwe padzakhale chipinda ndi pabalaza. Wadson, amene pamilandu yotere samayankhula, anatsokomola.

"Amalume, ndinenepo kamodzi. Nyumbayo adzamanga, sikuthawa. Ayambe wakumba chimbudzi chakechake, pa katondo apo, khomo liyang'ane kumunda. Njerwa ndimupatsa ine, chitseko ndikhoma ine."

Mnyamata uja anadabwa, n'kuyang'ana akwawo. A Blasius anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka. Scholastica, amene tsopano ndiye akukhala apongozi, anakoka mpango kubisa nkhope monga mwa mwambo, n'kulankhula kudzera mwa mwana wake.

"Tamandani, uwauze alendowo kuti amvere bambo ako. Pa nkhani imeneyo pamudzi pano palibe wowaposa."